Ndege yanga inali itanyamuka dzulo lake: ulendo wa pakati pa Dubai ndi Guangzhou

Ndimagulitsa makatani, zofunda ndi zikwama za amayi mumzinda wa Lilongwe. Geniyi ndinayamba ndi kupikula ku Dar es Salaam pa basi, kenaka ku Johannesburg, ndipo mpamba utakulako alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba, anandikokera ku Dubai. Iwowo tinjira ta ku Deira, dera la misika la ku Dubaiko, amatidziwa ngati mmene ine ndimaudziwira msika wa Tsoka. Koma ukapikula ku Deira kawiri katatu umayamba kuona kuti makatoni ambiri achokera ku China, ndiye umadzifunsa wekha kuti bwanji osapita kuchitsime komweko m'malo mogula madzi a m'ndowa ya wina.

Tinagwirizana chonchi: tipitire limodzi ku Dubai, alamu atsale kumeneko akulondola katundu wawo, ine ndidumphire ku Guangzhou, mzinda wa malonda wa ku China, ndibwerere ku Dubai Lachisanu m'mawa, ndigule maperefyumu masiku awiri, Lamlungu tikwere limodzi ya kumudzi. Unali mwezi wa Novembala. Tinasankha dala nthawi imeneyi chifukwa chionetsero chachikulu cha zamalonda cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pa chaka, chinali chitangotha, ndiye mahotela anali atatsikako mtengo. Matikiti anali awiri osiyana. Ina inali ya Lilongwe kupita ku Dubai kudzera ku Addis Ababa ndi kubwerera, ina ya Dubai kupita ku Guangzhou ndi kubwerera. Musaiwale zimenezi, zidzabweranso kutsogoloku.

Tikiti yachiwiriyo ndinaiwerenga ndili pa bedi ku hotela ya ku Deira. Inalembedwa kuti DXB 10:20, CAN 21:50. DXB ndi bwalo la ndege lalikulu la ku Dubai, CAN ndi bwalo la Baiyun la ku Guangzhou. Zilembozo zinachokera ku dzina lakale la mzindawo, Canton. Ndinawerenga ndi zala: kuchoka 10:20 m'mawa kufika 9:50 usiku ndi maola 11 ndi theka. Mtima unangoti phwi, popeza miyendo yanga imatupa ndikakhala nthawi yaitali. Ndinayang'ana mzere wobwerera: CAN 00:15, DXB 04:45. Maola anayi ndi theka basi. Ndinawaonetsa alamu, iwo n'kuseka: "Ndiye kuti pobwerera n'kotsetsereka, alamu." Tinaseka tonse, ndipo palibe anaganizapo kawiri.

M'ndege ndinakhala pafupi ndi bambo wina wa ku Tanzania wogulitsa zipangizo za njinga zamoto. Woyendetsa ndege atalengeza kuti tikhala m'mlengalenga maola pafupifupi asanu ndi awiri, ine ndinaganiza kuti sindinamve bwino Chingerezi chake. Ndinatulutsa tikiti n'kuwaonetsa bambo aja. Sanaseke. Anatenga cholembera n'kundifunsa kuti kwathu ndi kuti, kenaka analemba kumbuyo kwa kapepala kanga kokwerera ndege.

Nthawi zonse za pa tikiti ndi za wotchi ya pamalo pomwepo. Ya kunyamuka ndi ya wotchi ya komwe ukunyamukira, ya kutera ndi ya wotchi ya komwe ukukatera. Dubai ili patsogolo pa Malawi ndi maola awiri. China ili patsogolo pathu ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo dziko lonselo, ngakhale ndi lalikulu chotere, limayendera wotchi imodzi ya ku Beijing. Ndiye pakati pa Dubai ndi Guangzhou pali maola anayi amene palibe amawayenda, ali pa wotchi chabe. Mwayi wake maiko atatuwa sasintha mawotchi malinga ndi nyengo ngati mmene amachitira ku Britain, kotero masamuwa ndi omwewo chaka chonse.

Njira imene anandiphunzitsa ndi yophweka, ndipo ndimaigwiritsabe ntchito. Nthawi zonse ziwiri uzibweze ku wotchi ya kwanu. 10:20 ya ku Dubai ndi 8:20 m'mawa ku Lilongwe. 21:50 ya ku Guangzhou ndi 15:50 masana ku Lilongwe. Kuchoka 8:20 kufika 15:50 ndi maola asanu ndi awiri ndi theka. Pobwerera, 00:15 ya ku Guangzhou ndi 18:15 madzulo kwathu, 04:45 ya ku Dubai ndi 02:45 usiku kwathu. Maola asanu ndi atatu ndi theka. Ulendo umene ndinkauyesa waufupi ndiwo unali wautali.

Bambo aja anagwira mzere wobwererawo m'manja mwawo, anawerengera maola ake, koma sitinayang'ane tsiku. Ine ndinali nditakondwa kuti miyendo yanga yapulumuka maola anayi.

Mtunda wake ndi umodzi, upite kapena ubwerere. Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita pafupifupi 5,800 ukayeza chingwe chowongoka. Kuti muone kukula kwake, kuli ngati kuyenda msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre maulendo pafupifupi 19, kapena kuuluka kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg pafupifupi kanayi. Pa kasikirini ka kumbuyo kwa mpando manambala amasinthasintha, pena 5,800 pena 3,600, ndipo poyamba ndinkayesa kuti makinawo asokonekera. Ayi, 3,600 ndi mamailosi, mtunda womwewo. Mukamafufuza pa intaneti yang'anitsitsani kuti nambala imene mwapeza ndi ya makilomita kapena mamailosi, chifukwa mailosi imodzi ndi kilomita imodzi ndi mamita 600 ndi kakusefukira.

Ndege zazikuluzi zikafika pamwamba zimathamanga makilomita pakati pa 850 ndi 900 pa ola. Ukagawa 5,800 ndi liwiro limenelo umapeza maola osakwana asanu ndi awiri. Nanga enawo achokera kuti? Nthawi ya pa tikiti imayamba pamene ndege ikusuntha pachipata, osati pamene matayala achoka pansi. Ku Dubai tinayenda pang'onopang'ono pabwalo n'kuima pamzere wa ndege zinzathu mwina mphindi 20. Kukwera ndi kutsika sikuchitika pa liwiro lonse. Komanso ndege siyenda molunjika ngati khwangwala. Ili ndi misewu yake kumwambako, ndipo imakhota malinga ndi maiko amene ikudutsa. Kandege ka pa sikirini ndinakaona kakudutsa nyanja, kakulowa India, kakudutsa cha ku Bangladesh ndi Myanmar, kenaka kum'mwera kwa China.

Za ola limodzi losiyana pakati pa kupita ndi kubwerera, nkhani yake ndi mphepo. Pamtunda wa makilomita 10 kapena 12 kuchoka pansi pamakhala mphepo yamphamvu yoomba kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo nthawi zina imapitirira makilomita 200 pa ola. Miyezi yozizira ya kumeneko, kuyambira Novembala mpaka cha m'Malichi, mphepoyi imadutsa pamwamba pa kumpoto kwa India, pafupi ndi njira imeneyi. Popita ku Guangzhou imakukankha kumsana, pobwerera umalimbana nayo pamphumi. Amene anapalasapo njinga nthawi ya mwera akudziwa chimene ndikunena. M'miyezi yotentha ya kumeneko mphepoyi imasunthira kumpoto, ndipo kusiyanako kumachepa. N'chifukwa chake ndege yomweyo imatha kulembedwa nthawi yosiyanako pang'ono mu Julayi ndi mu Januwale.

Chimene chinandizunguza kwambiri tsiku limenelo ndi dzuwa. Wotchi yanga ya pamkono inali idakali pa nthawi ya ku Dubai. Itangokwana 3 koloko masana ndinatsegula zenera, n'kupeza kunja kwafiira, patangopita kanthawi kwada bii. Ku Lilongwe nthawi imeneyo anthu anali akudya nsima ya masana. Ukamapita kum'mawa umathamangira usiku, tsiku lako limadulidwa.

Tinatera 21:50 monga mwa tikiti. Koma kutera si kufika. Mzere wa ku imigireshoni, kudinda zala pa makina, kudikira chikwama, zonsezi zinandidyera ola ndi theka. Bwalo la Baiyun lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda. Kuli sitima yapansi, Line 3, yotsika mtengo kwambiri, koma siyenda usiku wonse, ndipo ine potuluka n'kuti yomaliza itapita. Mnyamata wa kwathu konkuno amene amathandiza amalonda kumasulira ndi kulongedza katundu anandidikira, tinakwera takisi mpaka ku Xiaobei, dera limene kumafikira anthu ambiri a ku Africa. Ndinagona pa bedi 1 koloko usiku maso ali gwa, popeza kwathu inali 7 koloko madzulo, nthawi yopakula. M'mawa mwake 9 koloko, nthawi yopita kumsika, thupi langa linkati ndi 3 koloko ya usiku. Tsiku loyamba ndinagula makatani a mtundu umene mpaka lero adakali m'shopu. Ndikadakhala ndi nzeru tsiku limenelo ndikadangoyenda n'kumafunsa mitengo, ndalama zili m'thumba.

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika. Ndimamwa mapilitsi a BP 7 koloko m'mawa uliwonse. Ku Guangzhou 7 koloko ya kwathu ndi 1 koloko masana. Masiku awiri oyamba ndinasokoneza, tsiku lina ndinamwa kawiri moyandikana, mutu n'kumazungulira ndili pakati pa msika. Ngati muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga kapena ma ARV, funsani adokotala musananyamuke kuti muzimwa motani, ndipo mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja.

Masiku anayenda bwino. Katundu tinamusonkhanitsa ku Sanyuanli, dera lina la misika mumzindamo, tinamupereka kwa otumiza pa kontena, malisiti onse ndinasunga. Mnyamata uja anandifunsa kuti, "Amayi, mukunyamuka liti?" Ndinayankha kuti, "Lachisanu usiku, 12 koloko itangopitirira." Sanaone tikiti, ndipo ine sindinaganize zomuonetsa.

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse, ndipo ndikhulupirira kuti si ine ndekha amene zinandigwera. Kwathu tsiku limayamba kukacha. Tikati usiku wa Lachisanu timanena usiku umene umabwera dzuwa la Lachisanu litalowa, mpaka tambala alire Loweruka. Maliro akachitika 1 koloko usiku timati amwalira usiku wa dzulo, sitinena kuti amwalira lero. Tikiti ya ndege siyendera zimenezo. Kwa iyo tsiku limatha 23:59, ndipo 00:15 ya Lachisanu ndi mphindi 15 chiyambireni Lachisanu, kutanthauza kuti munthu uyenera kukhala pabwalo la ndege Lachinayi madzulo. Ine Lachinayi madzulo ndinali ndikudya mpunga ndi nkhuku ku Xiaobei, mtima uli m'malo, ndikuwerengera kuti mawa ndikadali ndi tsiku lathunthu logula tizikwama ta ana. N'zoona kuti tinapangana ndi alamu kuti ndifika Lachisanu m'mawa, ndipo zimenezi zokha zikadandidzutsa. Koma masiku ndinali nditawasokoneza kale m'mutu, ndipo chimene chinakhazikika ndi mawu awiri okha: Lachisanu, usiku.

Ndinafika pabwalo Lachisanu 9 koloko usiku, mofulumira ndithu, ndikudzitama kuti sindichedwa. Mtsikana wa pa kauntala anatenga pasipoti, anagogoda kompyuta, anayang'ana ine, anagogodanso. Anatembenuza sikirini n'kuloza tsiku ndi chikhadabo chake chopaka utoto wofiira. "Mayi, ndege yanu inanyamuka usiku wathawu." Ndinati ayi, lero ndi Lachisanu. Anati inde, ndipo ndege ya usiku uno ndi ya Loweruka. Ndinangoti kakasi. Miyendo inalefuka, ndinakhala pa chikwama changa pomwepo, anthu a pamzere akundilambalala ndi matilole awo.

Wina angafunse kuti nanga palibe anakuchenjezani? Uthenga wokumbutsa unabwera ndithu pa Gmail. Alamu anaima pabwalo la ku Dubai kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka anthu onse a m'ndege imeneyo atatuluka, ndipo anandiimbira pa WhatsApp mosawerengeka. Koma Gmail, WhatsApp, Facebook ndi Google sizitseguka pa intaneti wamba ya ku China. Ine masiku onsewo ndinkalankhula ndi mnyamata uja ndi ogulitsa pa WeChat, imene ili ngati WhatsApp ya ku China, ndipo alamu analibe WeChat, analibenso nambala ya mnyamatayo. Tsiku lonse la Lachisanu iwo ankaganiza kuti ndagwidwa kapena ndadwala, anaimbira bambo a kunyumba ku Lilongwe, m'nyumba munalowa chisoni ngati pagwa zovuta, ine ndikukambirana mtengo wa tizikwama ta ana.

Ndege ya usiku umenewo inali yodzaza. Mpando unapezeka pa ya usiku wotsatira, ndiye kuti 00:15 ya Lamlungu. Nthawi imeneyo ndinafunsa katatu: ndibwere liti pano? Loweruka madzulo, mayi. Ndinalipira chindapusa chosafika pa ndege, kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo wa tikiti, ndi usiku wina ku hotela. Ndalama yake ndi yomwe ndinasungira maperefyumu, ndipo aliyense amene wafunafunapo dola ku Malawi masiku ano akudziwa kuwawa kwake.

Mnyamata uja atabwerera kudzanditenga, chinthu choyamba chimene anachita ndi kutsegula pasipoti yanga. "Amayi, mwayi wanu visa idakali ndi masiku." Ku China ukapyola masiku amene unaloledwa, chindapusa ndi 500 yuan pa tsiku, ndipo dzina lako limada pa ulendo wotsatira. Alipo amene amaika tsiku lobwerera pa tsiku lomaliza lenileni la visa pofuna kuti asataye ngakhale tsiku limodzi logula. Ndikadatero ine, cholakwa cha pa tikiti chikadasanduka mlandu.

Za matikiti awiri aja. Popeza ya Dubai kupita kumudzi inali payokha, kuphonya kwanga sikunaikhudze. Inali idakalipo Lamlungu masana. Zikadakhala pa tikiti imodzi, kusafika pa ndege yoyamba kukadafufutitsa maulendo onse otsatira, chifukwa ndi mmene makampani ambiri a ndege amachitira. Koma kupatula matikiti kuli ndi msampha wakenso. Ndege ya ku Guangzhou ikadachedwa, kampani ya ulendo wa kumudzi ikadangonyamuka osandiwerengera, ndipo palibe akadandibwezera kanthu. Amene akugula matikiti awiri osiyana asiye mpata waukulu pakati pake, tsiku lathunthu ngati n'kotheka, osati maola awiri kapena atatu. Ku Dubai komweko mabwalo ndi angapo: DXB ili ndi matheminolo atatu, kuli bwalo lina la Al Maktoum lolembedwa DWC kutali kum'mwera, ndi la Sharjah mumzinda woyandikana nawo. Tikiti yotchipa nthawi zina imanyamukira kwina ndi komwe watera.

Usiku umenewo ku hotela tinafufuzanso njira zina, mwina n'kupeza yofika msanga. Zinalipo zodzera ku Doha, zina ku Bangkok, zina ku Colombo. Pamenepo ndinaona ubwino wa masamu a bambo a ku Tanzania aja. Doha ili kumadzulo kwa Dubai, ndiye kuchoka ku Guangzhou umadutsa Dubai n'kupitirira, makilomita pafupifupi 6,200, kenaka n'kubwereranso ola lina limodzi, osawerengera maola odikira. Wotchi ya ku Doha ili kumbuyo kwa ya ku Dubai ndi ola limodzi, ya ku Bangkok ili kumbuyo kwa ya ku China ndi ola limodzi, ya ku Colombo ndi ya ku India zili ndi theka la ola pamwamba. Ukangoyang'ana manambala a pa sikirini osawabweza ku wotchi imodzi, ulendo wa maola 15 umaoneka ngati wa maola 11. Tinasiya, ndinadikira yolunjika.

Masiku ano tikiti ikangofika ndimaisindikiza pa pepala, ndimatenga cholembera chofiira, ndipo pambali pa ndege iliyonse ndimalemba m'Chichewa tsiku ndi nthawi yochokera ku hotela. Osati nthawi yonyamuka ndege, imeneyo inalembedwa kale. Ndege iliyonse yonyamuka pakati pa 00:00 ndi 3 koloko m'bandakucha ndimalemba tsiku la dzulo lake m'zilembo zikuluzikulu. Ndimayang'ananso kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yotera, kamene kamatanthauza kuti ukatera tsiku lotsatira, kuti wodzakuchingamira asabwere tsiku lolakwika. Pabwalo ndimafika kutatsala maola atatu, popeza kauntala imatsekedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi. Pepalalo ndimalijambula n'kutumizira anthu atatu, wa kumudzi, wa komwe ndikuchokera ndi wa komwe ndikupita, ndipo onsewo ndimawapatsana manambala. Wotchi ya pamkono imakhala pa nthawi ya ku Malawi ulendo wonse, foni ndiyo imasintha yokha.

Loweruka ndinafika pabwalo 7 koloko madzulo, kauntala isanatsegulidwe n'komwe. Mtsikana wa chikhadabo chofiira uja kunalibe, ndipo ndinathokoza Mulungu. Tinanyamuka 00:15. Maola asanu ndi atatu ndi theka onsewo kunja kunali mdima, chifukwa ukamapita kumadzulo usiku umakutsatira. Anatipatsa chakudya 2 koloko ya ku China, ndinagona, ndinadzuka kukadali mdima, ndinagonanso. Pa sikirini liwiro linali lotsika kusiyana ndi popita paja, kandege kakukwawa pamwamba pa India ngati kalema. Miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana kulowa, ndinatsika nditaponda zidendene.

Ku Dubai wotchi ya pakhoma inati 04:50, foni yanga isanasinthe inati 08:50, ya pamkono, imene ndinali nditaibweza ku nthawi ya kwathu, inati 02:50. Alamu anali ataima malo omwe anaima Lachisanu, atafunda chitenje pamapewa chifukwa cha kuzizira kwa m'bwalomo. Sanandipatse moni. Ananditenga chikwama m'manja, anandiyang'ana kumapazi, n'kunena kuti, "Alamu, kotsetsereka kuja mwayenda masiku awiri?" Masitolo a maperefyumu anali asanatsegulidwe, ndipo ngakhale akadatsegula ndinalibe choguliramo. Tinapita ku hotela kukamanga zikwama, ndege ya ku Addis Ababa inali masana omwewo.